Mzere wa 212

Ndadina kuti ndisunge,
zenera latsekeka.
Kachitatu tsopano usiku uno,
pa Luchenza, m'chipinda cha kuseri kwa chigayo
momwe tebulo limanjenjemera mpaka eyiti koloko.

Mawa alimi a tiyi akufuna mayina awo pakhoma
ndi makilo a mwezi wa Malichi.
Mayi Nakhumwa a ku ofesi andiimbira kale kawiri.
Ine ndili pano, kukangana ndi mabatani awiri.

Laputopuyi inali ya achimwene, a Dayitoni.
Ndinaipeza m'sutikesi titabwera kumanda,
yokulungidwa m'juzi.
Anaigula pa Muloza, kiyibodi yake ndi ya Chipwitikizi,
zilembo zina zili ndi timichira.
Ndiye ndinayamba ndanamizira Apwitikizi.
Sanalakwe.

Kafani kakulira.
Ndasuzumira kuti ndione akudya memore ndani:
pulogalamu yolembera yokhayi
yameza magiga atatu pa anayi.
Ndikadina chilembo chimafika mochedwa
ngati minibasi ya ku Limbuli yodikira kudzaza.

Ndazimitsa zowonjezera theka.
Palibe.
Theka la zotsalazo.
Chopaka mitundu ndachotsa, cholosera mawu ndachotsa,
chosaka zolakwa nacho chapita.
Sikirini yatsala mbee,
koma kafani sikakuleka.

Magetsi athima. Batire akuti mphindi makumi anayi.

Ndatsegula fayilo ya makonzedwe,
imene ndakhala ndikuizemba miyezi isanu ndi iwiri
monga ndimazembera njira yodutsa pakhomo pa alamu.
Ndatsetsereka nayo pang'onopang'ono.
Pa mzere wa 212
mabatani onse a kumanzere anawasamutsa,
ndipo pambali pake analemba:
kachala kakang'ono kulibe, tisamavutike.

Ndinali nditaiwala.
Makina a ku fakitale anakatenga ndili Folomu 2.
Ankagwira kapu ndi zala zinayi,
ankati chotsalacho chinapita kukapuma msanga.
Batani langa losungira
kwa iwo linali lotsekera tsiku.

M'munsi pang'ono, mzere wina:
mbiri ya zosintha, malire ake palibe.
Chilichonse chimene analemba n'kufufuta
pulogalamuyi ikuchisenzabe,
mafayilo mazana atatu otsegula chitsegulire,
misonkho ya kalabu, kalata yopempha ntchito ku Limbe,
khodi ya sikelo imene sinagwirepo,
ndi ina yopanda dzina
yothera pakati pa mawu.

Ndabwerera m'mbuyo kamodzi.
Chilembo chimodzi chazimirira.
Ndabwereranso, kwatuluka mzere umene anaufufuta,
wolakwika pomwe ine ndimalakwitsa,
mpumiro woiwalika kumapeto.
Ndaseka ndekha mumdima.
Agalu a kwa a Mukhuna ayankha.

Mphindi khumi ndi zisanu.

Ndakopera zonse mu fulashi,
ndaiponya m'thumba la malaya.
Malire ndaika pa chikwi.
Ndatseka, ndatsegulanso.
Kafani katsokomola, kakhala chete,
mpaka ndikumva mvula ikuyamba cha ku phiri.
Memore yatsika, zilembo zikuthamangira chala.

Mzere wa 212 sindinaukhudze.
Ndapinda kachala kanga m'chikhatho,
ndafufuza posungira pawo,
ndaphonya,
ndapapeza.

Namalima Esitere, makilo 84.
Muhiwa Layisoni, makilo 61 ndi theka.
Atsala anthu zana ndi asanu ndi anayi,
ndipo dzanja layamba kale kuwawa.