Akavalo Mazana Asanu ndi Awiri

Ndinaimva ndisanaione.
Ndinali chagada pansi pa minibasi ya Che Ajibu,
sipanala kukamwa, oyilo akundidonthera m'khutu,
pamene mpweya wa ku Matawale unang'ambika
ngati nsalu yatsopano m'manja mwa telala.
Zaka makumi atatu ndakhala ndikumvetsera mainjini.
Ndimadziwa chifuwa cha lole ya matabwa,
ndimadziwa kabaza amene wamwa petulo wa m'chigubu,
koma liwu ili linalibe m'bale wake m'Zomba muno.

Inaima pa galaja panga, yachikasu ngati kambuzi wakupsa,
mphuno ikununkhiza fumbi,
denga kundilekeza m'chiuno.
Chitseko chinatsegukira kumwamba.
Wotulukamo ndi mwana wa malemu Namakhwa,
uja ankadzatola mawaya kuseri kuno
n'kumapinda galimoto zake, matayala a zitsekerero za mabotolo.

"Amalume Likoswe, zilipo makumi anayi zokha padziko lonse.
Kuseri kwa mpandowu kuli akavalo mazana asanu ndi awiri."
Ine akavalo ndinawaonapo pamwamba pa phiri,
anayi basi, akudya msipu, osapupuluma.
Manja anga ndinawabisa m'ovololo.

"Kwerani," anatero. "Muli kaphokoso.
Kompyuta ya ku Joni yalephera kukapeza."

Pa msewu wa ku Liwonde anapondako.
Msana wanga unamira mumpando,
masaya anathawira kumakutu.
Ndinayamba kunena kuti "Mayo ine,"
pofika pa "ine" singano inali itadutsa handiredi.
Mabulugamu anagwirana n'kukhala mpanda umodzi,
amayi ogulitsa tomato anasanduka mzere wofiira,
ndipo kumbuyo kwathu masilinda khumi ndi awiri
ankakuwa mogwirizana, popanda wochedwa kapena wotsogola.
Ndikuvomera: ndinaseka ngati mwana,
ine wa imvi, wa mano otsala asanu ndi anayi.

Pobwerera, hampu ya pa Chinamwali inatiimitsa.
Anyamata okazinga chipisi anabwera ndi matabwa awiri,
ife kukwera chammbali, pang'ono pang'ono, ngati nkhanu,
wa njinga yonyamula makala n'kutipitirira
akuliza belu.

Msewu wa Ku Chawe ndiwo unaikomera.
Pokhota paliponse inkamatirira phula,
yosapendama, yosadandaula,
tawuni ikuchepa kumunsi, madenga a ndende ngati machesi omwazika,
mpaka tinapeza amuna atatu akutsika ndi nkhuni,
mabuleki a njinga zawo ali zidendene.
Pamenepo akavalo onse aja anayenda chamwambo,
ndipo m'kachetechete ameneyo ndinakamva:
tsi, tsi, tsi,
kumanzere, kutsogolo.

"Ima apa."
Ndinagwada pa singano za paini,
ndinatola kawaya m'mphepete mwa msewu, ndinakapinda kunsonga,
n'kupisa kuseri kwa chimbale cha buleki
chachikulu ngati lichero.
Kanagwa kamwala.
Kochepa kuposa njere ya nandolo.

Mnyamatayo anayang'ana kamwalako, anayang'ana kawayako,
anaseka mpaka misozi,
kenako misoziyo inapitirira kuseka kutatha.
Bambo ake sanakwerepo ngakhale kutsogolo kwa minibasi.
Ndinayang'ana kumbali, ku damu la Mulunguzi,
ndinagula mabulosi kwa kamtsikana kena
kuti pakamwa pakhale ndi ntchito.

Anachoka Lolemba, petulo wa kuno akuti sakuiyanja.
Ndalama anasiya, zinapita ku fizi ya mdzukulu.
Kamwala kali m'chitini cha manati, pa shelefu.

Minibasi ya Che Ajibu ikadali pompano,
giya yachitatu ikukanabe kulowa.
Koma nthawi zina masana, ndili pansi pake,
ndimaleka kumanga, sipanala m'malere,
khutu kumsewu,
ngati wamva dzina lake likuitanidwa patsidya pa Likangala.