Chithunzi cha Twaibu

Kamera iyi ndinaigula yogwirapo kale ntchito pa Small Street,
chitseko cha batire ndi chomata ndi selotepi,
ndipo Lamulungu lililonse ndimaima nayo ku Joubert Park
kudikira akwathu ofuna kutumiza nkhope kumudzi.

Lero wabwera Twaibu, telala wa ku Mayfair,
atabwereka jekete kwa mnzake wogona naye chipinda chimodzi.
Manja a jeketeyo ngaafupi. Akuti zimenezo zisaoneke.

Ndadina.
Chatuluka chizimezime,
ngati munthu womuonera m'chithaphwi mwana ataponyamo mwala.
Akuti kamera yako yakalamba, iwe.
Iyayi, ndi dzanja langali.
Juni wa ku Joni amaluma zala,
komanso chiyambire dzulo ndangomwa tiyi.
Ndatsamira mtengo, zigongono ndakanikiza m'nthiti,
mpweya ndaugwira monga timachitira galimoto ya apolisi ikamadutsa,
ndadinanso.

Tsopano wada bii, thumba la makala,
akuoneka mano ndi kolala basi.
Dzuwa lili kumsana kwake, likusewera pa magalasi a nyumba zosanja.
Tembenukani achimwene, liyang'aneni,
ngakhale likuthobweni m'maso.

Chachitatu chili ndi kadontho pachipumi.
Iye wadzipukuta. Kadontho kadakalipo.
Kanalinso pa tsaya la Esinala sabata yatha,
kanalinso pa thambo la ku Rosettenville:
ndi fumbi la m'mapiri a migodi lija,
limalowa m'mphuno, m'mabulangete, m'diso la kamera.
Ndauzira mpweya pagalasi, ndapukuta ndi kansalu kofewa,
osati ndi malaya, malaya amakanda.

Esinala yemweyo anandivutitsa ndi chikasu.
Khanda lake ndinalijambulira m'nyumba, pansi pa babu,
linatuluka lachikasu ngati papaya wakupsa,
apongozi ake ku Ntcheu mpaka kuimba foni akulira
kuti thamangirani nayeni kuchipatala.
Linali babu chabe. Kamera iyenera kuuzidwa
kuti choyera ndi chiti m'chipinda chimenecho.

Mitambo yabwera, ndayatsa fulashi.
Maso a Twaibu psuu.
Akuti mkazi wanga adzati Joni wandisandutsa chidakwa,
ine mowa sindinaulawepo.
Ndazimitsa fulashi, ndamusunthira poyera,
ndakonza zonse zimene zala zanga zimadziwa,
ndadina mosamala ngati wothira ulusi m'singano.

Chatuluka bwino kwambiri.
Ulusi uliwonse wa jekete ukuwerengeka,
ngakhale nkhunda ya kumbuyo kwake ikuoneka nthenga.
Koma maso akadali ofiira.
Awa si a fulashi.
Ndi a makina osokera mpaka tambala woyamba,
kuno kopanda tambala.
Masaya alowa, khosi likusambira m'kolala,
manja a jekete afupika monga anafupikira.

Wachiyang'ana nthawi yaitali.
Wandifunsa ngati pali batani lonenepetsa.
Ndafufuza m'kamera monse, ngakhale ndikudziwa.

Basi, akutero, bwerera kumbuyo.
Osati icho. Osati chamakalacho.
Choyamba chija, chogwedezeka.
Aone jekete ndi mitengo, adziwe kuti ndaima.

Wandipatsa ma randi makumi awiri, opindidwa kanayi,
wavula jekete msanga, mwini wake akuifuna pofika folo koloko.
Chabwino chija ndachisiya m'kamera.
Sindinamuuze.