Botolo Lochokera ku Joni

Linabwera ndi kondakitala wa basi ya Lachinayi,
atalikulunga m'sokosi ziwiri za mwana wasukulu.
Ine ndinaliyesa chiponde.
Hawa anapisamo chala, nanyambita, natsinzina:
"Ababa, awa ndi mabisiketi osungunuka."
Fungo la sinamoni ndi shuga wopserera
linatuluka pakhomo, linakafika mpaka pa mjigo.

Mawu a Sauda ali m'foni, mphindi zitatu ndi theka.
Ndawamvera kasanu ndi kawiri.
Kumbuyo kwake kukulira makina ochapira a abwana ake
ndi galu amene sindidziwa dzina lake.
"Majarini akhale ofewa, asasungunuke.
Shuga wabulauni, kapu yodzaza.
Dzira limodzi lathunthu, lachiwiri utengeko chikasu chokha,
ndicho chimawachititsa kunanda m'kati.
Za m'botolozo masipuni anayi, osanyinyirika.
Ukakanda, usiye mtandawo uzizire.
Usapupulume, Twaibu. Ndimakudziwa."

Amandidziwadi.
Ine wa kabaza, miyendo yanga inaloweza Salima yense,
kuchokera pa depoti mpaka ku Kaphatenga,
mayi ndi thumba la mpunga kumbuyo, dzuwa pamutu.
Koma manjawa anazolowera sipanala ndi tcheni.
Dzira loyamba lagwera pansi lonse,
nkhuku ya aneba yathokoza.

Mtanda ndakausungitsa mu filiji ya pa okala ya a Nachisale,
pakati pa mabotolo a thobwa.
Ndisanafike ndi pakhomo pomwe, magetsi thi!
Ndabwerera, ndaukulunga m'nsalu yonyowa,
ndaukhazika pansi pa mtsuko,
ndipo mwezi uno wa Okutobala ukungondiseka.

Uvuni wathu ndi sefuliya ya pa maliro,
mchenga pansi, lata pamwamba, makala pa lata.
Oyamba asanu ndi limodzi ayandama, agwirana manja,
asanduka chigumu chimodzi chakuda kunsi.
Hawa wakokota m'mphepete ndi mpeni osanena kanthu.
Pokhala chete amatengera amake.

Ndabwezanso mawu aja pamene ndinkadumpha:
"Uumbe timipira tonenepa, usatiphwatalalitse.
Uwachotse akadaoneka ngati sanapse pakati.
Usaope. Amamaliza okha kupsa
atachoka kale pamoto."
Apa anakhala kaye chete, galu uja nauwa,
kenaka anati, "Mwana akudya bwino?"

Ndachepetsa makala. Ndawerenga ngati ndikudikira kasitomala
amene walowa m'banki.
Ndavundukula lata, ndipo awo!
Ochindikala ngati chikhatho cha mmisiri,
ming'alu pamwamba ngati dambo la Lifuwu mvula isanagwe,
pakati pakugundabe pang'onopang'ono.
Mtima ukuti abwezere pamoto.
Ndaumana.

Lero Hawa wakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi.
Wanyema limodzi, silinathyoke, langopindika,
likukokeka ngati likukana kusiyana.
Watafuna nthawi yaitali, masaya onse ali pantchito,
kenaka wandipatsa theka lokhala ndi chidindo cha chala chake.
Landimata m'mano. Landikanda kukhosi ndi kutsekemera.
Kodi kumeneko amadya zotere tsiku lililonse,
kapena iye amangophika n'kutsuka mbale?

Ndajambula chithunzi, ndatumiza ndi bandulo yotsala.
Sanachitsegule. Mwina akusita.
Mwina foni amaisiya m'chipinda chakuseri mpaka usiku.

Atsala anayi. Awiri ndi a Nachisale, chifukwa cha filiji
imene sinagwire ntchito.
Limodzi ndidya mawa pa siteji, anzanga akuona.
Lotsalalo Hawa walikulunga m'pepala la masamu,
waliika m'chitini, chitini m'mbale ya madzi kuopa nyerere.
Akuti ndi la amayi, akabwera pa Disembala.
Sindinamuuze kuti silingafike.
Sindinamuuzenso kuti Disembala wa chaka chatha
ananenanso chimodzimodzi.

M'botolo mwatsala pang'ono, kunsi kwenikweni,
pamene sipuni sifika koma chala cha mwana.
Likadzatha ndidzalitsuka,
ndizidzasungiramo manati a njinga.