Kukhota Kumanja pa Chitakale

A Muheya ankati mutu wa thiraki ngwabodza.
Umakhota msanga n'kukuuza kuti tafika
pomwe ngolo ikadali uko,
ikulingalira zodula njira.

Lero maso awo anachita ng'ala,
amangokhala pakhonde ku Thuchila,
ndipo chiwongolero chili m'manja mwanga,
matani makumi atatu a feteleza kumsana kuchokera ku Muloza,
chiperoni chameza phiri lonse.

Indiketa ndayatsa ndikadali kutali,
ndisanafike pa amayi a zinanazi.
Ndatsitsa giya. Mabuleki ausa moyo.
Ndaima pamzere woyera, matayala chilunjikire,
kuti wina akandigunda kumbuyo
ndisakagwere m'njira ya eni ake.

Minibasi ya ku Limbe idutse.
Thirakitala ya ku esiteti idutse ndi masamba ake onyowa.
Wam'mbuyo waliza hutala kachitatu.
Alize.
Hutala sinapepesepo pamaliro.

Galasi lakumanja. Lakumanzere.
Lakumanja kachiwiri,
poti a Muheya ankandimenya chipewa ndikayang'ana kamodzi.

Apo!
Wakabaza wa njinga yamoto,
wabereka mayi, mayi wabereka mwana,
akundipitirira mbali yomwe ndikukhotera.
Kachipewa kofiira kaubweya
kadutsa pansi pa chigongono changa.
Phazi silinachoke pabuleki.
Mtima ndikuumvera m'makutu.
Iye sanacheuke n'komwe.

Tsopano.
Ndilowe kaye mkati mwa mphambano,
mphuno ipitirire ngati ndaiwala njira ya ku Phalombe,
ndiye ndipinde,
pang'onopang'ono,
diso lili pa matayala otsiriza a ngolo,
aja okana kuponda m'mapazi mwa akulu awo.
Aphonya chikwangwani ndi mpata wa chikhatho.
Aphonya dengu la mapeyala
ndi zala za mtsikana wolikokera kwa iye.
Ngolo yalowa m'mzere monyinyirika.

Thukuta lazizira m'malaya.
Mvula yawaza galasi, ndapukuta.

Madzulo ndikatsitsa katundu ndiwaimbira.
Afunsa, wayenda bwanji, Namalomba?
Ndinena kuti palibe chachitika.
Akhala chete pang'ono,
ndimve nkhuku zawo zikulowa m'khola,
kenako atsokomola n'kunena:
ntchito yake ndi imeneyo.