Chokwera Usiku

Chilungulira chinatha mu Malichi.
Kam'bulu kamodzi m'mawa, ndisanalawe tiyi,
ndipo moto uja unkandinyambita pachifuwa
unazima ngati mbaula yothiridwa madzi.
Ndinathokoza. Ndinayambanso kugula matimati.

Koma china chake sichinamve uthengawo.

Chimakwera usiku, mawailesi a mu Ndirande atazima,
agalu a ku Goliyo atatopa kuuwa.
Sichiotcha. Sichiwawasa.
Ndi mpunga womwe uja, ndi madzi omwe aja
ndinawatsazika madzulo,
akubwerera osagogoda
kudzaima pakholingo ngati wangongole.
Ndimadzuka ndi chifuwa chouma, khokhokho,
a Likongwe n'kutembenukira kukhoma:
"Ndi choko chimenecho, mayi. Siyani ntchito."

Choko ndachimeza zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri,
sichinandibereko mawu.
Lero ana zana ndi makumi anayi a Sitandade 3
akuona pakamwa panga pakuyenda
koma teya sikafika kwa Tadala wa kumbuyo.
Mawu asasa. Ndimameza, ndimamezanso,
kanthu kali pakhosi sikatsika.

Makhololo ndinapereka kawiri.
Anandijambula m'chifuwa: mbee.
Mu minibasi ya ku Ginale anthu amandipatsabe malo ambiri.

Ku Kwinzi, Lachinayi, benchi itandiumitsa msana,
dokotala wachitsikana, Namasasu pa kabaji kake,
anatembenuza kabuku kanga kachipatala
najambula thumba, paipi, ndi kageti pakati.
"Mankhwala aja anagulula galu mano," anatero,
"koma geti silikutsekabe.
Galu wopanda mano amalowa ndithu,
n'kuponda pamphasa, n'kudzutsa ana.
Si asidi yekha amene amakwera.
Nthawi zina ndi chakudya, nthawi zina mpweya,
nthawi zina ndulu.
Kummero sikufunsa kuti ndiwe yani."

Ndinafunsa ngati ndiwonjezere mibulu.
Anapukusa mutu.
"Mukufuna kuzima moto pomwe pali chigumula."

Ndinatuluka ndikuseka ndekha.
Mayi wa ana atatu, wa satifiketi yake,
kubzikula ngati mbuzi ya ku Lunzu!

Tsopano kumutu kwa bedi kuli njerwa zinayi
zotola pa mpanda umene unagwa ndi mvula.
Timagona ngati tikutsetsereka phiri,
a Likongwe akuti m'mawa amapezeka kumiyendo.
Mgonero ndimadya dzuwa lisanalowe ku Michiru,
anzanga akadali pa mzere wa makala,
pang'ono, m'kambale ka mwana.
Lamba wa diresi ya Lamulungu ndinamasula.
Ndimagonera kumanzere, ngati wokwiya.

Sindinama kuti chinatha.
Usiku wina chimabwerabe,
makamaka magetsi akabwera mochedwa
tikadya nyemba cha m'ma naini.
Koma ndimachidziwa tsopano,
sindichitchanso choko, sindichitchanso imfa.
Ndimakhala tsonga mumdima, kumeza malovu,
kumvetsera Nasolo akutsika ndi zinyalala zake
njira imodzi yokha,
ndipo ndimamuchitira nsanje.

Dzulo m'kalasi mawu anathawanso pakati pa samu.
Sindinamenye tebulo.
Ndinanong'ona: seveni kuchulukitsa ndi sikisi.
Ana a kutsogolo anatembenuka kuuza anzawo,
anzawo anauza anzawo,
funso linayenda mzere ndi mzere mpaka kukhoma,
ndipo Tadala anaimika mkono.