Ine Ndimaona Misana

Malo anga ndi pa kireti ya zakumwa, kuseri kwa katani,
mapepala a sewero pamwendo, tochi ya foni m'dzanja.
Wina akaiwala mawu ndimamuponyera monong'ona
ngati wopatsira mnzake katundu wakuba pawindo.
Anthu a muholo amaona nkhope.
Ine ndimaona misana.

Msana wa Gomezgani wanyowa kale
m'jekete la bwana wa esiteti
lomwe tidanenerera pa kaunjika pa Bvumbwe
mpaka wogulitsa adatifunsa ngati kwathu kuli maliro.
Mkono umodzi ndi waufupi. Asiyatu adati,
"Dzanjalo uzilipisa m'thumba, mabwana amatero."
Asiyatu yemweyo wachezera kusoka zigamba
mawa lake ali ndi mayeso a uinjiniya,
singano wayibaya pakolala kuti isasowenso.

Katani yathu ndi mabulangete anayi a ku hositelo.
Mulipa akaiwala kuwabweza usiku uno
anthu anayi afunda chiperoni.

Khoviwa wa magetsi waima pa madesiki awiri osanjikiza.
Mababu adawaveka zitini za mkaka
ndi kapepala kofiira ka masiwiti.
Dzuwa lathu ndi limenelo.
Chiyambire Lachitatu sakuyankhulana ndi wotsogolera sewero,
nkhani yake ndalama za waya,
koma nthawi ikakwana dzuwa likutuluka ndithu.

Sewerolo ndi la mayi wothyola tiyi.
Elube adakulira ku Kawale, tiyi adamudziwira m'kapu.
Milungu isanu ankathyola mpweya
ngati akuingitsa ntchentche pa usipa,
mpaka tsiku lina mayi Namakhwa, okolopa muholo,
adayedzamiritsa mopu kukhoma.
"Mwanawe, ukatero kusikelo akakubweza.
Masamba awiri ndi kansonga. Manja onse awiri.
Usacheukire dengu, lili kumbuyoko, ntchito yake likuidziwa."
Zaka khumi ndi zinayi m'mizere ya tiyi
zidatuluka m'zala zawo pamenepo.
Adamumanga lamba, adamuweramitsa,
adatuluka panja nakatola miyala, khuthu! m'dengu muja.
"Kuti msana usaname," adatero,
nabwerera ku ndowa yawo.

Tsono lero, tsamba lakhumi ndi chiwiri,
pomwe Lusubilo adalemba mawu ataliatali a chilungamo,
mawu omwe adawakonza kasanu ndi kawiri,
Elube wangoti duu.
Ndanong'ona mzere woyamba. Zii.
Ndanong'onanso, mokwezako, mpaka Khoviwa wandiyang'ana.
Kenaka ndaona dzanja lake likupita m'chiuno,
msana ukuwongoka pang'onopang'ono,
fupa limodzi, kupuma, fupa lina,
monga amaweramukira mayi aja akamaliza khonde la laibulale.
Sadaiwale ayi.
Muholo ngakhale wotafuna mtedza waleka.
Kumbuyo kwanga Lusubilo akuluma chala,
"Mawu anga, amwene, mawu anga,"
ine ndazimitsa tochi.

M'manja mwaombedwa, mipando yakokedwa,
aphunzitsi awiri ajambulitsa ndi Gomezgani, dzanja lili m'thumba.
Asiyatu akuwerenga mapini.
Khoviwa watsitsa dzuwa, walikulunga m'nyuzipepala,
ndipo wotsogolera wamugwirira desiki osanena kanthu.

Pa kapepala ka ndondomeko pali mayina khumi ndi anayi.
Ndidataipa ndine, ndidawerenganso kawiri
kuopa kulakwitsa dzina la munthu.
Ngakhale Mulipa wa mabulangete alipo.

Mayi Namakhwa sadaonere.
Adaweruka dzuwa lenileni lisadalowe
kuti apeze kabaza wa ku Goliati nkhungu isadatseke njira.
Mawa mmamawa adzatsekula holo ino okha,
adzapeza dengu pakona, miyala ikadali momwemo,
adzasesa makoko a mtedza pansi pa mipando
pamodzi ndi timapepala tija,
mayina athu onse khumi ndi anayi.