Njinga Yosafika Kulikonse

Zaka makumi atatu ndinagwada
m'nyumba za eni ku Kabulonga,
kuyala matailosi, mzere ndi mzere,
pansi pomwe sindinaloledwe kupondapo ndi nsapato.
Kugwada kwanga konse kunathera pa simenti.
Kutchalitchi ndimangokhala pa benchi,
Mulungu akudziwa chifukwa chake.

Tsopano bondo lamanzere limalankhula.
M'mawa limati kukutu, kukutu,
ngati fosholo yokanda mchenga.
Limanunkhiza mvula Kanyama asanasefukire,
limadana ndi khomo la minibasi,
ndipo kondakitala akakuwa, "Changu, mdala!"
ilo limayankha ndi moto.

Ndinalisunga ngati dzira.
Miyezi isanu pampando, mwendo pa chidebe,
poganiza kuti chinthu chikaperepeseka
umachisiya chipume.
Koma ululu ndi mlendo wopanda manyazi:
ukampatsa mphasa, amafuna nyumba yonse.
Unakwera m'chiuno, unatsikira m'katumba,
mpaka bulangeti lenilenilo linkandilemera.

Kuchipatala cha ku Chilenje ndinapeza Namakau,
msinkhu wa mwana wanga wotsiriza,
atagwira kachitsulo ka mutu wa labala.
Anakakanikiza pambali pa bondo.
"Bambo Njobvu, kukanikizaku kukasanduka kuwawa, munene."
Ndinanena asanaike n'komwe mphamvu.
Analemba nambala, yaing'ono
ngati chenji cha pa tomato.

Kenako anandikweza pa njinga yomangidwa pansi.
Mphindi khumi ndikupalasa,
maso ali pa kalendala ya chaka chatha.
Ukanakhala msewu, ndikanafika ku Kabwata.
Nditatsika, thukuta lili kamukamu,
kachitsulo kaja kanabwerera pamalo omwe aja.
Ndinadikira moto.
Unabwera ndithu,
koma mochedwa, ngati basi ya Lamlungu masana.

"Fupa lili momwe linalili," anatero,
"koma mlonda wa m'thupi mwanu wayamba wakhala pansi.
Ankaliza wezulo ngakhale kwadutsa mphaka."

Sindinama, si tsiku lililonse.
Lachinayi lina ndinapyola muyeso
pofuna kudzionetsa kwa mayi wa pa njinga yapafupi,
wovala duku lobiriwira, wosatopa.
Bondo linatupa ngati papaya,
masiku atatu ndikung'ung'udza dzina la Namakau.
Nditabwerera sanaseke.
Anangoti, "Chepetsani. Koma musasiye."
Mayi wa duku uja ndiye anaseka.

Masiku ano ndimadzuka fumbi lisanadzuke.
Kuchokera pageti kufika pa kantemba ka Zelipa
ndimaponda mazana anayi ndi khumi ndi kawiri.
Ndimawerenga monga ndinkawerengera matailosi,
osadumpha, osaba.
Bondo limadandaula mpaka pa mpopi,
likafika pamenepo limatopa ndi mawu ake omwe,
n'kunditsatira mwakachetechete
ngati galu wokalamba yemwe sitinagwirizanepo,
koma njira yathu ndi imodzi.

Dzulo ku Kamwala ndinaima pakhomo la sitolo ya nsalu.
Pansi pake ndinapazindikira:
ntchito ya manja anga, mizere ikadali chingwe,
ngakhale tailosi ya pakona, ija ndinadula molakwa
n'kuibisa kuseri kwa chitseko.
Ndinakweza mwendo wamanzere pa sitepe,
unati kukutu kamodzi kokha,
ndipo ndinalowa, nsapato zili kumapazi.